Loda ya Thirakitala Ikafooka: Ndondomeko Yofufuzira Vuto la Hayidiroliki

Kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira Novembala, alimi a ku Ludzi ndi madera ozungulira amakhala pa liwiro lokonzekera mvula. Manyowa amene anapangidwa pambuyo pokolola ayenera kufika m'minda, mchenga ndi njerwa ziyenera kufika pamalo omangira, ndipo misewu ya m'midzi yokalowa mu msewu wa M12 imafunika kukwiriridwa maenje mvula isanaiwononge. Magulu a alimi, maesiteti ndi mabungwe amene ali ndi thirakitala yaing'ono yokhala ndi chonyamulira cha kutsogolo, chimene ambiri amangochitcha loda, amatsiriza ntchito zoterezi m'masiku owerengeka, pamene ndi mafosholo ndi mawilibala zikanatenga masabata. Loda ikaleka kukweza m'nyengo imeneyi, ntchito ya gulu lonse imaima, ndipo manyowa ofika m'munda mbewu zitamera kale sapindulitsa monga akanapindulitsira.

Zikatere, mawu oyamba kumveka amakhala akuti pampu yafa. Pampu ndi chimodzi mwa zitsulo zokwera mtengo kwambiri pa loda, ndipo kuti ipezeke pamafunika ulendo wa ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kapena kuwoloka malire kupita ku Chipata. Komabe mavuto ambiri a loda amayambira pa zinthu zotsika mtengo: oyilo wochepa, mpweya wolowa m'mapaipi, sefa yotsekeka, cholumikizira chosalowa bwino kapena lamba wolendewera. Pampu yatsopano ikaikidwa vuto lenileni lisanapezeke, ndalama za gulu zimapita koma loda imakhalabe yofooka, ndipo ikaikidwa mu oyilo wakuda nayonso imawonongeka msanga. Phunziro lino likufotokoza ndondomeko imene woyendetsa thirakitala ndi komiti yoyang'anira makina ayenera kutsata, kuyambira pa chinthu chapafupi ndi chotsika mtengo, kutsirizira pa pampu.

Mmene loda imapezera mphamvu

Loda imagwira ntchito ndi mphamvu ya oyilo wokankhidwa m'mapaipi, njira imene imatchedwa hayidiroliki. Maziko ake anafotokozedwa ndi katswiri wa ku France, Blaise Pascal, m'zaka za m'ma 1600. Iye anasonyeza kuti madzi kapena mafuta otsekeredwa m'chotengera akapanikizidwa pamalo amodzi, kupanikizikako kumafika mofanana paliponse m'chotengeramo. Mu 1795 Joseph Bramah wa ku England anagwiritsa ntchito mfundo imeneyi popanga makina ofinyira zinthu, ndipo pa ulimi inafala kudzera mwa Harry Ferguson, amene thirakitala yake ya TE20 inayamba kupangidwa ku Coventry mu 1946. Mathirakitala a Massey Ferguson amene amaoneka m'minda ya m'boma la Mchinji anachokera ku mtundu umenewu.

Ziwalo zake n'zochepa. Pali thanki yosungira oyilo, imene pa mathirakitala ambiri ndi giyabokosi yomwe, pamene pa tina tating'ono ndi kathanki kapadera. Pali sefa yotchinga zinyalala, ndi pampu imene imakoka oyilo m'thanki n'kumukankhira m'mapaipi. Pali valavu yowongolera, imene woyendetsa amaisuntha ndi chogwirira kuti oyilo apite kumene akufunika. Pali valavu yotetezera, imene amakaniko amaitcha relief valve, yomwe imatseguka ndi kubwezera oyilo m'thanki mphamvu ikapitirira muyezo. Pomaliza pali masilinda, awiri okweza mikono ya loda ndi imodzi kapena awiri opendeketsa fosholo. M'kati mwa silinda iliyonse muli pisitoni yozunguliridwa ndi mphira zotsekera oyilo.

Mphamvu ya kukankha kwa oyilo, imene ambiri amaitcha pulesha, imayezedwa mu bar. Bar imodzi ikufanana pafupifupi ndi kulemera kwa kilogalamu imodzi pa kamalo ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa bar 2 kapena kuposerapo pang'ono, pamene mathirakitala ambiri a m'minda amagwira ntchito pakati pa bar 150 ndi 200. Pisitoni yotambalala masentimita 5 ili ndi timalo totere pafupifupi 20, choncho pa bar 150 imakankha ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 3,000. Pulesha ikatsika kufika pa bar 75, mphamvu ya silinda yomweyo imatsikanso ndi theka.

Apa pali mfundo imene wofufuza vuto aliyense ayenera kuisunga. Liwiro la loda limadalira kuchuluka kwa oyilo amene akufika mu silinda pa mphindi iliyonse, pamene mphamvu yake yokweza katundu imadalira pulesha. Loda yokweza katundu wake wanthawi zonse koma mochedwa ikusowa oyilo wokwanira, ndipo vuto limakhala ku thanki, ku sefa, ku paipi yokokera kapena ku liwiro la pampu. Loda yokwera msanga ikakhala yopanda kanthu koma yolephera ikasenza ikutaya pulesha, ndipo vuto limakhala ku valavu yotetezera, ku mphira za m'masilinda kapena ku pampu yotha.

Chitetezo chisanayambe china chilichonse

Loda yokwezedwa imagwiriridwa ndi oyilo yekha. Paipi ikaphulika kapena wina akagunda chogwirira, mikono imagwa nthawi yomweyo ngakhale injini itazimitsidwa. Choncho munthu asalowe kapena kupisa mkono pansi pa loda yokwezedwa pokhapokha itachirikizidwa ndi zitsulo zolimba zopangidwira ntchitoyo. Njerwa zosanjikiza ndi mitengo yowola si zochirikizira. Ntchito yambiri yofufuza imatheka fosholo ili pansi.

Asanamasule paipi iliyonse, wokonza aimike thirakitala pamalo athyathyathya, amange buleki, atsitse fosholo mpaka igunde pansi, azimitse injini ndi kuchotsa kiyi. Kenaka asunthe chogwirira cha loda mbali zonse kangapo kuti oyilo wopanikizika abwerere m'thanki. Ana ndi anthu oonerera atalikire.

Ngozi ina imene ambiri saidziwa ndi ya kabowo kakang'ono pa paipi. Oyilo wotuluka pa kabowo kotero amathamanga ngati singano, ndipo pulesha ya bar 7 yokha ndi yokwanira kuboola khungu la munthu. Pofufuza pamene pakudontha, wokonza ayendetse chidutswa cha katoni m'mbali mwa paipi, dzanja lili kutali, n'kuona pamene katoniyo yanyowa. Munthu amene walasidwa ndi oyilo wotere amaona kabala kakang'ono kosapweteka kwambiri poyamba, koma oyiloyo amakhala atalowa m'kati ndipo amawononga mnofu m'maola ochepa, mpaka chala kapena dzanja likhoza kudulidwa. Wovulalayo athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo, kaya cha St Joseph's ku Ludzi kapena chachikulu cha boma ku Mchinji, ndipo achipatala auzidwe momveka kuti bala lachokera ku oyilo wopanikizika wa makina, chifukwa bala lotere kawirikawiri limafuna opaleshoni.

Mafunso oyamba

Sipanala isanagwiridwe, woyendetsa afunsidwe mafunso angapo. Kodi vuto layamba mwadzidzidzi kapena lakhala likukula pang'onopang'ono? Vuto ladzidzidzi limasonyeza chinthu chimene chaduka, chatsekeka kapena chasunthidwa, pamene vuto lokula pang'onopang'ono limasonyeza kutha kwa zitsulo kapena kudzaza kwa sefa. Kodi pali chimene chinakonzedwa, kuthiridwa kapena kumasulidwa posachedwa? Nthawi zambiri vuto limapezeka pamalo pamene dzanja linagwira komaliza. Kodi zokwezera pulawo kumbuyo ndi chiwongolero zikugwira bwino? Ngati zimadyera pampu imodzi ndi loda ndipo zikugwira ndi mphamvu zonse, pampu ili bwino ndipo vuto lili pa loda penipenipo. Ngati zonse zafooka pamodzi, vuto lili ku oyilo, sefa, valavu yotetezera kapena pampu.

Funso lina ndi la katundu. Mchenga wonyowa wodzaza kiyubiki mita imodzi umalemera pafupifupi matani 2. Fosholo yolowa gawo limodzi mwa magawo anayi a muyezo umenewu ikadzazidwa mchenga wa kudambo imasenza makilogalamu pafupifupi 500, kulemera kwa matumba 10 a chimanga a makilogalamu 50. Loda yaing'ono yopangidwira makilogalamu 300 idzakweza fosholo yodzaza manyowa ouma kapena makoko a mtedza popanda vuto, koma idzalephera mchengawo. Pamenepo palibe chowonongeka. Valavu yotetezera ikungogwira ntchito yake, ndipo mankhwala ake ndi kuchepetsa katundu.

Gawo loyamba: oyilo

Oyilo ayezedwe thirakitala ili pamalo athyathyathya, loda ili pansi, monga mmene buku la thirakitalayo likunenera. Masilinda akatambasuka amatenga oyilo wambiri m'thanki, choncho oyilo wooneka wokwanira pang'ono loda ili pansi akhoza kuperewera mikono ikafika pakati. Chizindikiro chake ndi loda yokwera bwino poyamba kenaka n'kuyamba kudukiza kapena kuima, pampu ikulira. Zimenezi zimachitika kawirikawiri paipi kapena silinda ikasinthidwa koma oyilo osawonjezeredwa.

Maonekedwe a oyilo amanena zambiri. Oyilo wabwino amaoneka mbee ngati uchi wosungunuka. Oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka walowa madzi. Kadontho kake kakaikidwa pa chitsulo chotentha kamathetheka, pamene oyilo wopanda madzi amangofuka utsi. M'nyengo ya dzinja madzi amalowera pa mphira zong'ambika za pa ndodo za magiya thirakitala ikamagona panja, pa chivundikiro chopumira cha thanki, potsuka thirakitala mumtsinje, kapena kuchokera mu mgolo wa oyilo wosiyidwa pamvula. Madzi amachititsa dzimbiri ndipo amachepetsa kuterera kwa oyilo. Oyilo wakuda wonunkha chopsereza watenthedwa mopitirira muyezo, ndipo wonyezimira tizitsulo akusonyeza kuti china chikudyeka m'kati. Oyilo wotere achotsedwe yense ndipo sefa isinthidwe nthawi yomweyo.

Mtundu wa oyilo ndi wofunikanso. Thirakitala imene giyabokosi ndi hayidiroliki zimagwiritsa ntchito oyilo mmodzi kawirikawiri imafuna oyilo wolembedwa UTTO, pamene loda yokhala ndi thanki yakeyake imafuna oyilo wa hayidiroliki monga ISO 46 kapena ISO 68, malinga ndi buku lake. Oyilo wotsala wa mu injini ali ndi mwaye ndi zinyalala, ndipo mafuta a buleki amatupitsa ndi kuwononga mphira, choncho zonsezi zisathiridwe. M'mawa wa Juni ndi Julayi, pamene ku Mchinji kumazizira, oyilo amalimba ndipo loda imachedwa kwa mphindi zingapo. Limeneli si vuto, ndipo woyendetsa angosiya injini ikulira pang'onopang'ono mpaka oyilo afunde.

Gawo lachiwiri: mpweya

Oyilo safinyika, koma mpweya umafinyika. Ukalowa m'mapaipi, loda imayenda modukizadukiza, mikono imanjenjemera, fosholo imachita ngati yakhala pa sipuling'i, ndipo m'thanki mumaoneka thovu. Mpweya umalowera mbali yokokera, pakati pa thanki ndi pampu. Kumeneku oyilo sadontha kawirikawiri chifukwa pampu imakoka, choncho paipi ikhoza kuoneka youma koma ikuyamwa mpweya pa chomangira cholendewera kapena pa mng'alu wosaoneka. Njira yapafupi yopezera malowo ndi kupaka girizi pa mfundo imodzi ndi imodzi injini ikulira, manja ali kutali ndi lamba ndi zonse zozungulira. Pamene phokoso la pampu lasintha, pamenepo ndi polowera mpweya.

Malowo akatsekedwa, mpweya wotsala umachotsedwa pokweza ndi kutsitsa loda yopanda katundu mpaka kumapeto, ndi kupendeketsa fosholo mbali zonse, kasanu kapena kupitirira, injini ikulira motsika. Pambuyo pake oyilo ayezedwenso.

Gawo lachitatu: sefa ndi paipi yokokera

Sefa ikadzaza, pampu imakoka koma oyilo safika wokwanira. Imalira mokwera kapena kuchita phokoso ngati mwalowa timiyala, ndipo loda imachedwa kwambiri injini ikathamangitsidwa m'malo mofulumira. Kusowa oyilo kotere kumakumba zitsulo za m'kati mwa pampu, choncho thirakitala isapitirize ntchito phokosoli likamveka. Mathirakitala ambiri ali ndi masefa awiri, ya waya imene imatsukidwa ndi dizilo woyera n'kuumitsidwa, ndi ya pepala imene imangosinthidwa. Sefa ya waya imaiwalika kawirikawiri chifukwa imabisika pansi pa giyabokosi. Paipi yokokera ya mphira nayonso ikakalamba imafewa ndipo imaphwatalala pampu ikakoka, n'kubwerera m'malo injini ikazima, choncho iyang'anidwe injini ikulira.

Fumbi la m'chilimwe ndi mdani wamkulu wa pampu ndi mavalavu. Milimita imodzi ili ndi mamayikuloni 1,000. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi mamayikuloni 70, ndipo diso siliona kanthu kochepera mamayikuloni 40, koma mipata ya m'kati mwa pampu ndi yaing'ono kuposa pamenepa. Fumbi losaoneka ndi maso ndi limene limapala zitsulozo tsiku ndi tsiku. Limalowa kudzera pa fanulo yakuda, pa chigubu chosavundikira, pa nsanza yopukutira ndi pa zolumikizira zogwera pansi.

Gawo lachinayi: zolumikizira, zogwirira ndi choyendetsa pampu

Loda zambiri zimalumikizidwa ku thirakitala ndi zolumikizira zongokankha, zokhala ndi kavalavu m'kati. Cholumikizira chikapanda kulowa mpaka kumapeto, kavalavuko sikatseguka. Chizindikiro chake ndi loda yoyenda mbali imodzi yokha, monga yokwera koma yokana kutsika, kapena fosholo yosasuntha pamene mikono ikuyenda, injini ikumveka kulemedwa. Zolumikizira zimasulidwe, zipukutidwe ndi kulowetsedwanso chimodzichimodzi. Loda yochotsedwa n'kusiyidwa padzuwa la Okotobala imakana kulumikizika chifukwa oyilo wa m'mapaipi amafutukuka ndi kutentha. Isamenyedwe ndi hamala. Ilumikizidwe m'mawa kukadali kozizira, kapena makaniko amasule pang'ono mfundo ya paipi atakulunga nsanza yochindikala. Ngati fosholo ikuyenda mosemphana ndi chogwirira, mapaipi asinthanitsidwa, ndipo kumanga tizingwe ta mitundu yosiyana pa paipi iliyonse kumathetsa vutoli.

Pa mathirakitala ena akale a Massey Ferguson pali valavu yosankhira imene imatumiza oyilo ku zokwezera za kumbuyo kapena ku loda, ndipo chogwirira cha kumbali kwa mpando chiyenera kukhala pamalo opopa mosalekeza kuti loda igwire ntchito. Pa mathirakitala omwewo pampu imaima kilatchi ikapondedwa mpaka pansi. Woyendetsa watsopano amene sanauzidwe zimenezi akhoza kuweruza kuti loda yafa pamene ili bwinobwino. Tizitsulo tolumikiza chogwirira ndi valavu yowongolera tiyang'anidwenso, chifukwa kapini kakagwa kapena waya akatamuka, chogwirira chimasuntha koma valavu sitseguka mokwanira.

Pa mathirakitala ang'onoang'ono a m'dimba, pampu imayendetsedwa ndi lamba kuchokera ku injini. Lamba wolendewera kapena wopakika oyilo amaterereka katundu akalemera, nthawi zina akulira mokwera, ndipo loda imaima. Pa ena pampu imalumikizidwa ndi kamtsulo kotuluka kutsogolo kwa injini, ndipo mano a kamtsuloko akatha kapena kiyi wake akaduka, injini imazungulira pampu ili chiimire. Kukonza zimenezi kumatenga kachigawo kochepa ka mtengo wa pampu.

Gawo lachisanu: valavu yotetezera ndi geji

Kuyambira pano ntchito ndi ya makaniko wokhala ndi geji yoyezera pulesha, yofika bar 250 kapena kupitirira. Geji imalumikizidwa pa paipi yokwezera, oyilo atatentha bwino, ndipo chogwirira chimakokedwa kwa masekondi ochepa silinda itafika kumapeto. Nambala imene geji yasonyeza iyerekezedwe ndi ya m'buku. Ngati yafika, pampu ndi valavu yotetezera zili bwino. Ngati yatsika, valavu yotetezera ndiyo yoyamba kutsegulidwa, chifukwa kachinyalala kamodzi kokhala pakamwa pake kapena sipuling'i yofooka n'zokwanira kubwezera oyilo m'thanki loda isanakweze kanthu.

Ena amamanga valavu imeneyi mopitirira kuti loda ikweze katundu wochuluka. Kuchita zimenezi popanda geji kumaphulitsa mapaipi, kumang'amba pampu, kumapinda mikono ndiponso kumathyola ekiselo ya kutsogolo. Valavuyi inaikidwa kuti katundu wopitirira muyezo akanike kukwera chitsulo chisanathyoke. Safunsa anadya phula: woyendetsa amene sadziwa muyezo wa thirakitala yake afunse makaniko kapena ogulitsa mtunduwo asanakhudze valavuyi.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: loda yotsika yokha

Loda yakale kutsika pang'ono m'maola angapo injini itazima si chachilendo. Koma ikamatsika moonekera ndi maso, kapena fosholo ikamakhuthula katundu yokha panjira, oyilo akuthawira penapake. Poyamba ziyang'anidwe mfundo za mapaipi ndi pakamwa pa silinda iliyonse. Ndodo ya silinda yokandika, yopindika kapena yadzimbiri imadula mphira zatsopano m'masiku ochepa, choncho kusintha mphira popanda kukonza ndodoyo n'kutaya ndalama.

Ngati kunja kuli kouma, oyilo akudutsa m'kati, kaya pa mphira za pisitoni kapena mu valavu yowongolera. Fosholo yokhuthula yokha kawirikawiri imasonyeza mphira za pisitoni, pamene mikono yotsika yokha kawirikawiri imaloza ku valavu. Silinda imene ikudutsitsa oyilo m'kati imatentha kuposa inzake pambuyo pa ntchito. Kuti atsimikize, makaniko amatambasula silinda mpaka kumapeto, loda itachirikizidwa, amazimitsa injini ndi kuchotsa pulesha, amamasula paipi ya mbali ya ndodo n'kuitseka, kenaka amaliza injini ndi kukankha chogwirira mbali yotambasula. Oyilo akatuluka mosalekeza pa bowo lotsegulalo, mphira za pisitoni zatha. Mphira zimenezi zimagulitsidwa pazokha ndipo silinda yonse sifunika kugulidwa.

Gawo lomaliza: pampu

Pampu iweruzidwe pokhapokha zonse zatchulidwazi zitapezeka zili bwino. Chizindikiro chodziwika cha pampu yotha ndi loda yogwira bwino m'mawa oyilo akadali wozizira ndi wolimba, n'kumafooka pamene oyilo akutentha, chifukwa oyilo wopyapyala amathawira m'mipata ya zitsulo zodyeka. Pampu yotere imatentha kuposa thanki, ndipo geji imasonyeza pulesha yotsika ngakhale valavu yotetezera itatsukidwa, makamaka injini ikamalira motsika.

Pogula ina, makaniko atenge nambala ya pampu yakale, adziwe mbali imene imazungulira ndi kuchuluka kwa oyilo amene imapopa, chifukwa pampu yozungulira mosemphana sipopa ndipo imaphulitsa mphira yake. Isanamangidwe, oyilo yense achotsedwe, thanki ndi sefa ya waya zitsukidwe, sefa ya pepala isinthidwe, ndipo chimene chinapha pampu yakale chidziwike. Pampu yatsopano ithiridwe oyilo m'kati isanayambe kuzungulira.

Kutentha kwa oyilo kusanyozedwe pa gawo lililonse. Oyilo akapitirira madigiri 80, mphira zimauma ndipo oyiloyo amawonongeka msanga. Zimene zimatenthetsa ndi oyilo wochepa, kugwira chogwirira nthawi yaitali silinda itafika kale kumapeto, chogwirira chokakamira chimene sichibwerera pakati, ndi fumbi kapena makoko odzaza pa choziziritsira oyilo.

Udindo wa komiti ndi woyendetsa

Walira mvula walira matope. Gulu limene lapeza thirakitala lalandiranso udindo woisamala, ndipo udindowo umayambira pa kaundula. M'kope limodzi muzilembedwa tsiku, maola a pa mita ya thirakitala, oyilo wowonjezeredwa ndi mtundu wake, ndi chilichonse chosinthidwa. Kope lotere limaonetsa msanga ngati oyilo akutha mosayenera, ndipo limathandiza makaniko kudziwa poyambira. Sefa ndi oyilo zisinthidwe pa maola olembedwa m'buku la thirakitalayo, ndipo kumene kuli fumbi lambiri sefa isinthidwe maolawo asanakwane.

M'mawa uliwonse woyendetsa ayeze oyilo, ayang'ane pansi pamene thirakitala yagona ngati padonthera, aone mapaipi amene akukhuzana ndi zitsulo, ndipo apope girizi m'mapini a loda monga buku likunenera. Madzulo fosholo itsitsidwe pansi ndipo thirakitala igone pansi pa denga. Mgolo wa oyilo usungidwe m'nyumba, wotsekedwa, ndi fanulo yakeyake yosungidwa m'pepala la pulasitiki. Pa ndalama zimene gulu limalandira pobwereketsa thirakitala, gawo lina lizipatulidwa kuti pakhale sefa imodzi, malita angapo a oyilo woyenera ndi lamba wapadera nyengo ya ntchito isanafike. Kuyendera loda yonse mu Juni kapena Julayi kumapereka mpata woitanitsa zitsulo popanda kuthamanga.

Oyilo wakale asatayidwe pansi, m'ngalande kapena kudambo. Madambo a m'dera lino ndiwo amamwetsa ziweto, kuthirira madimba ndi kudyetsa zitsime ndi mitsinje monga Bua. Asungidwe m'chigubu chotsekedwa ndi kuperekedwa ku galaja kapena kwa ogulitsa oyilo amene amalandira wotere.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Loda ikukweza fosholo yodzaza manyowa koma ikuchedwa kawiri kuposa kale, ndipo pampu ikulira mokwera. Ndi ziwalo ziti zitatu zimene ziyenera kuyang'anidwa poyamba, ndipo n'chifukwa chiyani?

2. Loda ikukwera msanga ikakhala yopanda kanthu koma ikukanika ikadzazidwa mchenga, pamene zokwezera pulawo kumbuyo zili ndi mphamvu zonse. Kodi komiti ivomereze kugula pampu?

3. Oyilo wapezeka wotuwa mwezi wa Febuluwale. Ndi njira ziti zimene madzi angakhale atalowera, ndipo gulu lisinthe chiyani pa kasungidwe ka thirakitala ndi oyilo?

4. Ndani pa gulu amene amasunga buku la thirakitala ndi kaundula wa maola, ndipo sefa inasinthidwa komaliza pa maola angati?